Kapini Kosathyoka

Lolemba, m'mawa

Achemwali alamula. Aima pakhomo la shedi, manja m'chiuno: "Lamulungu likakwana muno musanalowe ntchito yooneka ndi maso, makinawa atuluke. Ndikufuna poika usipa wanga."

Usipa! M'shedi imene bambo anaikamo makina osemera zitsulo, amene anatuluka nawo ku fakitale ya shuga atapuma ntchito. Kuchokera pa Ngala pano mpaka ku Liwaladzi palibenso makina ena otere. Achemwali akufuna kuikamo matumba onunkha.

Ndawauza kuti injiniya sawerengeredwa masiku ngati nkhuku yofungatira mazira. Ati: "Injiniya wake uti?" Apita.

Ndilembe pano kuti zidziwike. Ku yunivesite ndinachoka ndekha, chaka chachitatu. Palibe anandithamangitsa. Anangondilembera kalata yondipempha kuti ndisabwererenso, ine n'kuvomera.

Nzeru ndili nayo kale. Loweruka lililonse mabwana a ku fakitale amabwera ku loji ya kumtundaku kudzathamangitsa njinga yamoto ya pamadzi, ija anthu akuitcha kabaza wa m'nyanja. Mwini njingayo ndi Dalitso. Dalitso yemwe uja: chipinda chimodzi zaka zitatu, masamu anga ankakopera mpaka ndi zolakwika zomwe. Lero ndi bwana injiniya, mimba patsogolo, magalasi akuda pachipumi.

Njinga zoterezi zimafuna zitsulo zosemedwa mwapadera. Wosema ndine. Changotsala n'chakuti andione.

Ndondomeko:
1. Kubwereka injini ya boti la alamu a Shaibu.
2. Kuisemera zinthu zitatu za liwiro: hedi, pulopela, ndi kabowo kolowera petulo m'kabuleta.
3. Loweruka kudutsa pa loji ngati mwera, Dalitso kutsala akumwa thovu la m'mbuyo mwanga.
4. Mabwana kufola pakhomo pano.
5. Usipa kukagona kumene wakhala ukugona.

Lolemba, masana

Alamu avomera. Sabata ino mwezi ukuwala, usipa subwera ku nyali, boti langokhala pamchenga. "Tengani alamu. Koma Lolemba likudzalo mdima ukuyamba, ilire. Ana amadya m'menemo."

Ilira, ndawauza. Ilira moti simudzaizindikira.

Chikwangwani ndakhoma: ZITSULO ZA LIWIRO, ZA MABOTI NDI NJINGA ZA PAMADZI. Woyamba kuima kuchiwerenga ndi mayi wa dengu pamutu. Wafunsa ngati ndikugayitsa chinangwa.

Ndamasula pulopela. Ndakhala pansi.

Chimene chikugwira pulopela ku shafiti, chimene chikunyamula mphamvu yonse ya injini, ndi msomali. Msomali wokhomera denga! Wodula ndi sowo, wopindika ngati chala cha nkhalamba.

Ntchito ya a Saidi imeneyi, makaniki a pansi pa mango a padoko. Zida zawo zonse: masipanala awiri, hamala, ndi chitini cha misomali. Sukulu analekezera pomwe amayamba kulemba ndi cholembera cha inki. Koma msodzi aliyense injini ikatsokomola, ulendo kwa a Saidi.

Chinthu chachinayi pa ndondomeko: kapini kenikeni, ka chitsulo chenicheni. Dziko lino likuyendera misomali, n'chifukwa chake silikufika.

Lachiwiri

Lero ndi tsiku la hedi, chivundikiro cha pamwamba pa injini. Ukaisema pang'ono kunsi, mpweya umapanikizika kwambiri, mphamvu n'kuchuluka. Izi ndinakhoza bwino chaka chachiwiri. Dalitso anakhoza chifukwa anakhala kumanzere kwanga.

Magetsi azima ndikungomanga hedi pa makina. Ndadikira.

Amene abwera podikirapo, ndi zimene abweretsa:
- wa kabaza, pedulo yothyoka
- mphunzitsi wa ku pulayimale, hinjesi ya chitseko cha chimbudzi
- mkulu wina wa ku Kanyenda, bawuti ya chigayo. Wayenda ulendo wonsewo pa njinga
- mayi uja wa chinangwa, kudzatsimikiza

Onse ndawabweza. Ndawalozera chikwangwani. Mkulu wa chigayo ati: "Bambo anu ankatipangira." Bambo anga analibe masomphenya, Mulungu awasunge.

Achemwali aona wa chigayo akubwerera. Alowa m'shedi n'kuyamba kuyeza khoma ndi mapazi, akuwerenga chapansipansi. Adutsa pakati pa ine ndi makina anga ngati ndine mzati.

Magetsi ayaka dzuwa litapendeka. Ndasema. Kuwala kwake ngati galasi la m'hotela! Ndasemanso pang'ono, poti nthawi inatayika. Ndasemanso kachitatu, poti dzanja linali litazolowera.

Ndamanga. Ndakoka chingwe.

Chingwe chakana.

Ndakoka ndi manja awiri, phazi pa benchi. Chabwera theka, kenako chabwerera ndi mkono wanga womwe. Phewa likuyaka mpaka pano.

Alamu ayesa nawonso, munthu wokoka chilimira moyo wake wonse. Ati: "Alamu, mwaimangirira ku mtengo?"

Mphamvu yachuluka, ndi zokhazo. Vuto si kusema kwanga. Vuto ndi lakuti anthu a kuno alibe mikono yoyenera injini yamakono.

Alamu atuluka osatsanzika. Abwerera ndi gasiketi yakale m'thumba la malaya, chopyapyala chija chokhala pansi pa hedi, yoti tisanjike pa inzake kuti hedi ikwereko. Sananene kumene aitenga. Ikununkha mango.

Ndasanjika ziwirizo. Chingwe chikukoka. Kunena mwachilungamo, hedi yabwerera pomwe inali Lolemba. Koma kunsi kwake kukuwala, ndipo ine ndikudziwa.

Zatsala zitatu.

Lachitatu

Pulopela. Ya alamu ili ndi mapiko atatu okutha ngati mano a mbuzi yokalamba. Yanga ikhala ndi anayi, opindika motsatira masamu. Chikombole ndasema pa thabwa la mlombwa, m'mawa wonse.

Ku Dwangwa kuli munthu wosungunula zitsulo n'kuumba miphika mumchenga. Ndakwera minibasi ndi:
- chikombole
- mapisitoni akutha asanu
- sefuliya yaikulu imene ndaipeza kuseri kwa khitchini, yooneka kuti ilibe mwini

Woumbayo watembenuza chikombole uku ndi uku. "Chophikira chiyani chimenechi, bwana?" Ndamufotokozera za madzi ndi liwiro, mphindi makumi awiri. Wagwedeza mutu nthawi yonseyo. Wati ndikazungulire msika, ndikabwere dzuwa likafika apo.

Ndabwera. Pulopela yatuluka, mapiko anayi onse. Koma pambali waiika kakhutu kogwirira, ndipo pakati wadinda nambala 5.

Ndafunsa kuti n'chiyani ichi. "Pano sipatuluka chinthu chopanda chogwirira, bwana. Munthu akapsa amadzatukwana ine."

Ndadula kakhutuko ndi sowo, pamaso pake, kuti aphunzire.

Kunyumba ndaimanga pa makina kuti ndiisalaze. Mpeni utangokhudza, m'kati mwaoneka timabowo timabowo ngati chitumbuwa. Ndawonjezera liwiro kuti timabowoto tisaoneke.

Phiko limodzi lachoka.

Sindinalione likupita. Ndangomva phaa! Kenako dzuwa lalowa m'shedi pamalo pomwe silinalowepo chiyambire. Denga labooka, bowo loti mutu wa munthu n'kudutsa. Phikolo lakatera m'khola la abakha a aneba. Abakha ali bwino, koma akuti asiya kudya.

Achemwali afika akuthamanga. Ayang'ana ine, ayang'ana denga. "Mutseke bowolo. Mvula ikadzabwera idzandinyowetsera usipa."

Sanafunse n'komwe ngati ndavulala!

Atatuluka ndawamva akufunsa ana awo kuti ndani watenga sefuliya yofutsira usipa. Ndayatsa makina opanda kanthu kuti phokoso lidzaze m'shedi.

Pulopela ya alamu ndaibwezera. Ndaipukuta ndi sandipepa. Mapiko atatu nawonso ali ndi ubwino wake, mabuku ena amatero.

Zatsala ziwiri.

Lachinayi, m'mawa

Kabuleta. Kabowo kolowera petulo n'kakang'ono ngati diso la singano. Anakapanga choncho dala azungu, kuti ife tiziyenda pang'onopang'ono. Ndakakulitsa.

Ndaimika injini mumgolo wa madzi kuseri kwa shedi. Yalira! Yalira ngati ng'ombe yaona mpeni. Utsi wakuda wakwera kudutsa mtengo wa papaya. Zovala za achemwali pa chingwe, zoyera zija za kumzikiti, tsopano ndi za mtundu wina.

Malita awiri a petulo, mphindi zisanu ndi imodzi. Kenako pulagi yamira m'petulo, injini zii.

Alamu ayang'ana chigubu chopanda kanthu nthawi yaitali. "Alamu, ikamamwa chonchi, ndiye kuti tikafika pakati pa nyanja tizikatsika n'kuyenda pansi?"

Anthu osaphunzira amaganiza za petulo basi.

Apitanso kumene amapita kuja. Abwera ndi kawaya kamodzi ka mkuwa, kochokera mu chingwe cha wailesi, kopyapyala ngati tsitsi. Akuti ndikalowetse m'kabowoko kuti kachepe. Ndakana. Ndafotokoza chifukwa chake sizingatheke.

Atapita kukaswali ndayesa, kungofuna kutsimikiza kuti sizitheka.

Injini ikulira bwinobwino. Mwangozi.

Chatsala chimodzi.

Lachinayi, masana

Koma chimodzicho!

Chitsulo ndinatola kale m'mbali mwa msewu waukulu, pomwe lole ya nzimbe inathyokera shafiti. Chitsulo chimene chanyamula nzimbe zaka ndi zaka osadandaula. Ndadula kachidutswa. Ndasema pang'onopang'ono, ndikuyeza, ndikusema, ndikuyeza. Magetsi sanazime. Ngakhale iwo adziwa kuti pakuchitika zinthu.

Ndakaotcha pa mbaula mpaka kufiira ngati tomato, ndakaviika mu oyilo wakutha. Tsss! Ndakapukuta.

Kapini. Kutalika ngati chala chaching'ono, kosalala, kobiriwira pang'ono ukakaika padzuwa. Tupa ikungoterereka, siikuluma. Ndakamenya ndi hamala pa chidutswa cha njanji chimene bambo ankasulirapo zitsulo: hamala ndiyo yachita chibowo.

M'bowo la shafiti kalowa ndi chala chokha, osagwedera, osakakamira. Bambo akanakhala moyo akanavula chipewa.

Ndakhala ndikukayang'ana mpaka tiyi wazizira. Zaka zisanu ndi ziwiri chibwerereni kuno, anthu akundiloza ndi milomo ndikamadutsa pa msika. Aka ndi kayankho kanga.

Lachisanu

Ndatumiza uthenga kwa Dalitso, nambala ndapeza kwa mlonda wa pa loji. Ndalemba mwaulemu koma mosadzitsitsa: mawa uyang'ane kunyanja, uone zimene manja amachita.

Wayankha patapita maola atatu: "Ndani?"

Chabwino. Mawa adziwa.

Kupepukitsa boti, poti kulemera ndi mdani wa liwiro. Zimene ndatsitsa:
- nkhafi zonse ziwiri
- nangula ndi chingwe chake
- matabwa okhalira, kusiya limodzi
- ndowa yokapira madzi
- chitini cha alamu cha zinthu zosadziwika

Ndapachikapo kachikwangwani kakang'ono, kuti a pa loji adziwe kopita.

Atatuluka ku mzikiti, amuna apatukira pano, mikanjo yoyera mbee, kudzaona injini imene yadetsa zovala za mudzi wonse. Pakati pawo a Saidi. Koyamba kuponda m'shedi muno chimwalirireni bambo. Asisita makina ndi chikhatho ngati akupatsa moni m'bale.

Ndawapatsa kapini kuti aone kusiyana kwa sukulu ndi mango.

Akatembenuza. Akayesa ndi tupa yanga. Akaika padzuwa. "Mashaala. Ntchito iyi ndi ya bambo ako yeniyeni." Kenako: "Nanga kathyoka liti?"

Ndati sikathyoka. Mpaka kalekale.

"Ndiye pathyoke chiyani?"

Ndati palibe chithyoke, ndiyo mfundo yake.

"Mwanawe, msomali uja ntchito yake ndi kuthyoka."

Ntchito yake ndi kuthyoka! Ndaseka mpaka kutsamira khoma. Ndiye nzeru za padoko zimenezo: kupanga chinthu kuti chiwonongeke, anthu azibwerabe pansi pa mango. Ndawauza zimenezo pamaso pa anthu. Angovala kofiya wawo bwino n'kutuluka.

Nsanje imakalambitsa.

Alamu atsalira. "Bwanji tingoikamo msomali wa mawa lokha?" Ndawafunsa ngati akufuna kukhala msodzi wa misomali mpaka imfa. Ati inde. Ndaika kapini kanga.

Achemwali abweretsa matumba khumi opanda kanthu, awaunjika pakhomo la shedi. Akuti angowasungitsa.

Loweruka, m'mawa

Nyanja yagona ngati mphasa. Kumwamba kulibe kamtambo. Tsiku lodziwa mwini wake.

Alamu akuti injini yawo siipita kulikonse popanda iwo. Makilogalamu makumi asanu ndi atatu amene sindinawawerengere! Ndawalola, koma ndawauza akhale kutsogolo ndipo asalankhule.

Achemwali ali pamchenga ndi anzawo a usipa. Abweretsa mpando.

Loweruka, masana

Ndilemba mwachidule.

Injini yalira kukoka kamodzi. Tanyamuka. Liwiro lake, kunena zoona, ndi lomwe lija la masiku onse, koma kamvekedwe kake n'kaulemu.

Tafika pa loji. Mabwana ali pansi pa maambulera, mabotolo patebulo. Kabaza wa m'nyanja ali pamadzi, Dalitso pamwamba, atavala chovala choyandamitsa chosatseka pamimba.

Ndatsegula mafuta onse.

Watidutsa. Wazungulira, watidutsanso. Kachitatu watidutsa ataimirira, dzanja limodzi akujambula ndi foni. Watikwezera mkono ngati mmene umachitira ndi asodzi. Sakudziwa n'komwe kuti pali mpikisano!

Ndaganiza zoyandikira kumtunda, kuti a maambulera awerenge kachikwangwani. Alamu aphwanya lamulo: "Alamu, uko ayi, pali mwala. Mwala umenewo umadya misomali iwiri mwezi uliwonse." Ndawauza kuti ife tilibe msomali.

Guu!

Kenako phokoso limene sindinalimvepo: ngati munthu akutafuna miyala m'kati mwa chitini. Kenako injini ikulira yokha mokondwa, boti litaima.

Ndazimitsa.

Alamu sanadzidzimuke n'komwe. Dzanja lawo lapita lokha m'thumba la malaya, latuluka ndi msomali wodula kale. "Musadandaule alamu, ndi msoma..." Aima. Ayang'ana msomali. Ayang'ana ine. Aubwezera m'thumba pang'onopang'ono.

Pamadzi payamba kuyandama oyilo, mitundu yonse ya utawaleza.

Tatukula injini m'madzi. Pulopela ikuzungulira ndi chala, mbali zonse ziwiri, mosavuta. M'kati mwa magiya mukuchita wayawaya ngati mtedza m'chigoba. Ndasolola kapini.

Kali bwinobwino. Ngakhale kukalika. Kakuwala.

Alamu alankhula mawu amodzi okha, osakweza: "Lolemba."

Akanandimenya bwenzi zili bwino.

Ndati tipalase. Afunsa kuti tipalase ndi chiyani. Kamphepo kayamba kutikankhira pakati. Madzi akulowa pang'ono pa thabwa lina, ndowa ili kumudzi. Alamu akukapa ndi kofiya. Ine ndikupalasa ndi kachikwangwani.

Ndiye Dalitso wabwera.

Wazimitsa njinga yake pambali pathu, wakweza magalasi. "Aaa! Pulofesa! Ndiwe? Amwene, unasowera kuti?" Wasangalala zenizeni. Ndicho chandipweteka kwambiri. Munthu ukamukonzera chidani zaka zisanu ndi ziwiri, ayenera kukhala ndi ulemu wokudanso.

Watiponyera chingwe. Watikoka.

Ndilembe chilungamo: boti la alamu silinathamangepo chonchi chikhomereni. Mutu m'mwamba, thovu mbali zonse. Tadutsa pa loji ngati mwera, ndendende mmene ndinalembera Lolemba. A maambulera aimirira, akuwomba m'manja, akujambula. Thovu la m'mbuyo ndamwa ndine.

Pamchenga Dalitso wapempha kuona kapini. "Wasema ndiwe? Pa makina akale aja? Amwene, ku fakitale kulibe angatulutse chonchi." Ndayamba kumva bwino. Wapitiriza: "Koma kolimba kwambiri. Paja pamayenera kukhala chofewa, kuti pulopela ikagunda mwala chife chotchipacho, magiya apulumuke. Tinaphunzira chaka chachinayi, sabata yoyamba yeniyeni." Wandiyang'ana. "Aa, paja iwe..."

Paja ine.

Ndamufunsabe, poti ndinali nditafika kale pansi, kuti zitsulo za njinga yake amasemetsa kuti. "Kusemetsa? Ndimangodina pa foni, zimabwera pa ndege."

Achemwali apinda mpando wawo. Podutsa pafupi nane ati: "Sefuliya yanga ndaidziwa kumene inapita." Sanaime.

Injini tanyamula awiri, ine ndi alamu, kudutsa padoko ponse, pansi pa mango pomwe. Palibe waseka. A Saidi anayang'ana kumbali, ngati pakudutsa maliro.

Kunyumba ana a alamu atithamangira kudzafunsa ngati tapambana.

Lamulungu

Belu la kutchalitchi lalira, lasiya. Sindinapite. Ndayamba kumasula mabawuti omangira makina pansi, kuti achemwali asavutike kundiuza.

A Saidi afika ndi kanthu kokulunga m'nsanza. Magiya, ochokera mu injini ina imene inafa kale, akhala akuwasunga m'chitini. Sanatchule za Lachisanu. Ndinakonzeka kuti atchule, ndinali ndi mayankho atatu. Angoti: "Shafiti yapindika, ndipo pakufunika kabushi katsopano koyendamo shafitiyo. Pansi pa mango sindingathe. Mangitsa mabawutiwo."

Ndamangitsa.

Akhala pa ndowa yokapira madzi ija. Ine pa makina. "Chotsa pang'ono. Pang'ononso. Basi." Akuyeza ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Ndayeza ndi choyezera cha bambo kuti ndiwagwire bodza. Chikhadabo chikunena zoona.

Tamanga. Pofika pa pulopela alamu atulutsa msomali uja wa dzulo, andipatsa ine kuti ndilowetse ndekha. Ndalowetsa. Mumgolo injini yalira kukoka kamodzi, pulopela ikutakasa madzi. Alamu akhala pansi pomwepo, pa dothi. "Alihamudulila." Mawa apita kunyanja. Nkhafi ndabweza ndekha, ndi nangula, ndi chitini cha zinthu zosadziwika. Ndachitsegula: misomali.

A Saidi pochoka andisiyira phukusi. Akuti sowo ikuwapweteka phewa masiku ano, ndipo makinawa angadule misomali yofanana bwino, ndi kamzere pakati kuti izithyokera pamalo pake. Akufuna makumi atatu pofika Lachitatu. A ku Liwaladzi akamva adzafunanso.

Achemwali amva zonse ali pakhomo. "Imeneyo ndiye ntchito yooneka ndi maso."

Chigamulo:
- makina akhala, koma pakona
- kotsalako n'kwa usipa, kuyambira pa mzere umene ajambula pansi ndi makala
- mkulu wa chigayo wa ku Kanyenda ndimuitane ndekha
- sefuliya tidzakambirana

Chikwangwani chachikulu ndatsekera bowo la padenga. Mawu ayang'ana kumwamba. ZITSULO ZA LIWIRO, aziwerenga akhwangwala.

Misomali ndadula khumi ndi iwiri. Yofanana ngati mapasa. Ndayesa umodzi pa njanji: wathyokera pa mzere penipeni. Palibe munthu pa nyanja yonseyi angapange chinthu chothyoka bwino chotere, ndipo ndikufuna zimenezi zidziwike.

Shedi yonse ikununkha. Malaya anga akununkha. Kope lino likununkha.

Kapini kanga achemwali akapeza pa benchi. Chitseko cha shedi chinalibe chotsekera chiyambire, iwo akuopa agalu ndi amphaka. Akalowetsa pa hasipu, pokolowekapo loko paja, kakwana ndendende. Agwedeza chitseko kawiri, akhutira.

"Koma sikathyoka aka?"

Sikathyoka, achemwali. Usipa wanu ugone mtima uli m'malo.